Ku Germany sawedza opanda mayeso: nanga ana athu akulowa m'madzi akudziwa chiyani?

Mukamuona mwana wanu Loweruka m'mawa atanyamula kansungwi, chingwe ndi kachitini ka nyongolotsi, kawirikawiri simufunsa zambiri. Mumadziwa kuti walunjika kumtsinje kapena kudamu, ndipo akabwerako ndi matemba kapena kamlamba, ndiye kuti ndiwo zamadzulo zapezeka. Ku Bavaria, chigawo cha kummwera kwa dziko la Germany, bambo wa zaka 40 sangachite zomwe mwana wanuyo akuchita asanakhale m'kalasi maola 30 n'kukhoza mayeso a boma.

Kumva koyamba, nkhaniyi imaseketsa. Mayeso a mbedza? Koma malamulo a anthu owedza mongosangalala akukhwimirakhwimira m'maiko ambiri. Mu 2023 bungwe la European Union linakonzanso lamulo lake loyang'anira usodzi, ndipo lamulolo likuti kuyambira Januwale 2026 munthu wowedza mitundu ina ya nsomba za m'nyanja yamchere azilembetsa dzina lake ndiponso azinena zomwe wagwira kudzera pa foni kapena pa intaneti. Funso lomwe likutikhudza ife ndi lakuti: kodi m'mayeso amenewa muli chiyani chomwe kholo la ku Salima kapena volontiya wa zaumoyo wa ku Mangochi angatolepo, ndipo ndi ziti zomwe sizingatheke kuno?

Mapepala awiri asanaponye mbedza

Dziko la Germany lili ndi zigawo 16 ndipo chigawo chilichonse chili ndi lamulo lakelake la usodzi. M'zigawo zambiri wowedza amafunika mapepala awiri. Loyamba ndi chiphaso cha boma chotchedwa Fischereischein, chomwe chimasonyeza kuti munthuyo anaphunzira ndipo anakhoza mayeso. Lachiwiri ndi chilolezo cha mwini madzi, kaya ndi kalabu ya owedza, khonsolo kapena munthu wamba, chomwe chimagwira ntchito pa mtsinje kapena dziwe limenelo basi. Wowedza popanda chilolezo cha mwini madzi amatengedwa ngati wakuba nsomba, ndipo malamulo a dzikolo amalola khothi kumulipiritsa chindapusa kapena kumutumiza kundende mpaka zaka ziwiri.

Ku Bavaria mayesowo amakhala ndi mafunso 60 ogawidwa m'magawo asanu. Wolemba ayenera kudziwa mitundu ya nsomba ndi m'mene zimaswanirana, chikhalidwe cha madzi, kasamalidwe ka mitsinje ndi maiwe, zida ndi kagwiridwe ka nsomba ikakodwa, komanso malamulo. Gawo la kagwiridwe ka nsomba ndi lomwe limadabwitsa alendo. Lamulo la dzikolo loteteza zinyama limaletsa kupha kapena kuzunza nyama ya msana popanda chifukwa chomveka, ndipo nsomba ili m'gulu limeneli. Choncho wowedza amaphunzitsidwa kuyamba waikomola nsomba poimenya pamutu asanaibaye, osati kuisiya iziphiriphitha pamchenga mpaka ife yokha. N'chifukwa chakenso mchitidwe wogwira nsomba yaikulu, kujambulitsa nayo n'kuibweza m'madzi, womwe ku Britain ndi ku America amaunyadira, ku Germany umabweretsa mikangano ndipo ena anatengeredwapo kukhothi. Kudya ndi chifukwa chomveka. Chithunzi si chifukwa.

Mfundo ina yomwe ndikufuna muigwiritsitse ndi ya ana. Ku Bavaria mwana yemwe alibe chiphaso chake amawedza pokhapokha ali pambali pa munthu wamkulu wachiphaso. Amene analemba lamuloli ankaganiza kwambiri za nsomba, koma lamulolo limatetezanso mwana, chifukwa sakhala yekha m'mbali mwa madzi.

Si maiko onse amene amafuna mayeso, ngakhale mu Germany momwemo zigawo zina zimafewetsa. Ku Mecklenburg-Vorpommern mlendo amatha kugula chiphaso cha masiku 28 osalemba kalikonse. Ku England kulibe mayeso, koma aliyense wa zaka 13 kupita m'mwamba ayenera kukhala ndi laisensi ya Environment Agency kuti awedze m'mitsinje ndi m'maiwe. Achinyamata a zaka 13 mpaka 16 amaitenga mwaulere, ndipo wogwidwa alibe laisensi akhoza kulipira mpaka mapaundi 2,500. M'mitsinje ya kumeneko mitundu yambiri ya nsomba siwedzedwa kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni chifukwa imakhala ikuswana. Ku South Africa wowedza m'nyanja yamchere amagula chilolezo potsatira lamulo la 1998, ali ndi malire a nsomba zomwe angatenge patsiku, ndipo saloledwa kugulitsa zomwe wagwirazo. Ngati muli ndi mbale wanu ku Cape Town, ku Durban kapena ku Leeds amene anakulira m'mbali mwa nyanja ndipo amalakalaka kukaponya mbedza pa Sabata, muuzeni afunse kaye. Chizolowezi cha kumudzi chikhoza kumudyera malipiro a mwezi wonse.

Kodi mayeso amapulumutsa nsomba?

Apa ndi pofunika chilungamo. Mayeso paokha sanapulumutse nsomba yotchedwa cod kumadzulo kwa nyanja ya Baltic, komwe Ajeremani ambiri amakonda kukawedza. Kwa zaka zambiri anthu ankangoona zombo zamalonda, n'kumati munthu wa mbedza imodzi sangathe nsomba m'nyanja. Akatswiri atayamba kuwerenga bwinobwino anapeza kuti zomwe owedza mongosangalala amatenga, mukaziphatikiza, zaka zina zinkaposa theka la zomwe asodzi amalonda a dzikolo ankagwira. Mu 2017 kunabwera malire a cod 5 patsiku kwa wowedza aliyense. Pofika 2022 malirewo anatsika kufika pa nsomba imodzi. Mu 2024 analetseratu kutenga ngakhale imodzi.

Zomwe zinagwetsa nsombayi n'zambiri: kusodza mopyola muyeso kwa zaka zambiri, kutentha kwa madzi, ndi kuchepa kwa mpweya pansi pa nyanja kaamba ka feteleza wokokoloka m'minda. Owedza ophunzira bwino anali gawo chabe la vutoli. Phindu la chiphaso linali lina. Boma linkadziwa kuti owedza alipo angati, linali ndi powapezera, ndipo lamulo litasintha anthuwo ankamva chifukwa chake, ngakhale kuti ambiri anadandaula kwambiri. Lamulo latsopano la European Union likutsata njira yomweyi: nsomba zomwe sizikuwerengedwa n'zovuta kuziteteza.

Kwathu kuno mbedza ndi ndiwo

M'Malawi mulibe mayeso a owedza. Lamulo lalikulu ndi loona za kasamalidwe ka nsomba, ndipo nthambi ya boma yoona za usodzi ndiyo imapereka malaisensi, makamaka kwa eni makoka, chilimira, matchera ndi maboti amalonda. Kuwedza kwa chisangalalo kulipo ndithu. Nsomba za trout zomwe atsamunda anabweretsa zikupezekabe pa phiri la Zomba ndi ku Nyika, ndipo malo ngati amenewa, pamodzi ndi madamu a m'maesiteti ndi a mabungwe ogawa madzi, ali ndi eni ake oyenera kuwapempha chilolezo. Ku Cape Maclear, paki ya Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaizindikira mu 1984, imaletsa kusodza m'madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa zilumba ndi magombe a pakiyo pofuna kuteteza mbuna. Ngati mukukayika za malo ena, ofesi ya usodzi ya paboma panu kapena komiti ya pagombe ndi yomwe ingakuuzeni zoona.

Koma tisadzinamize. Ana ambiri amene mumawaona ndi mbedza sakusewera ngati mmene amachitira wa ku Bavaria. Masewera ndi njala zasakanikirana pa chingwe chimodzi. Nsomba ndiyo ndiwo ya m'gulu la nyama yomwe mabanja ambiri amakwanitsa, ndipo usipa kapena matemba odyedwa ndi mutu ndi minga yomwe amapatsa mwana michere yolimbitsa mafupa ndi yowonjezera magazi. M'dziko lomwe ana osakwana zaka zisanu oposa mmodzi mwa atatu aliwonse ndi opinimbira, kuuza banja losauka kuti lilipire sukulu ya mbedza kungakhale kusowa chifundo, ndipo palibe angalitsatire lamulo lotero. Maganizo anga ndi akuti mlendo wobwera ndi boti la injini ndi ndodo yodula alipire chilolezo ndipo ndalamazo zizioneka pagombe. Mwana wa m'mudzi asalipire kanthu, koma zomwe zili m'mayeso aja azimve kuchokera kwa inu.

Ndiponso si zachilendo kwenikweni. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, n'kudzatsegula mvula ikatha. Pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Palibe amalemba mayeso pa pepala, koma msodzi watsopano sayamba ntchito asanauzidwe malamulo a pamalopo. Makomiti a pagombe omwe anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 anatengera nzeru yofananayo, yoti asodzi eni ake azitenga mbali poyang'anira nsomba.

Boma nalo limatseka usodzi wa zida zina pa nyanja ya Malawi kuyambira mu Novembala. Ambiri amangodziwa kuti atseka, osadziwa chifukwa chake, pomwe chifukwacho n'chosavuta kufotokozera mwana. Chambo sichisiya mazira ake pansi n'kuchoka. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga, chachikazi chikaikira mazira chimawatolera m'kamwa n'kuwasunga mmenemo mpaka aswe, ndipo tiana tikayamba kusambira timathawirabe m'kamwa mwa mayi pakabwera zoopsa. Khoka likakokolola chambo chimodzi cha mazira m'kamwa, lapha mtundu wonse wa m'kamwamo. Ukonde wa maso ang'onoang'ono ukadutsa m'malo osaya momwe mumakulira kasawala, ndiye kuti chambo cha chaka chamawa chadyedwa lero. Mu 2018 bungwe la IUCN, lomwe limaunika zamoyo zomwe zikutha pa dziko lonse, linaika mitundu ya chambo m'gulu la zomwe zili pachiopsezo chachikulu zedi. Mtengo wa chambo pamsika ukunena zomwezo.

Nsomba zikachepa, likodzo limapeza mpata

Tsopano tifike pa zomwe zachititsa kuti nkhani ya mbedza ipezeke pa tsamba la zaumoyo.

Likodzo limayenda chonchi. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono. M'nkhonomo tizilomboto timachulukana, kenako timatuluka n'kumasambira kufunafuna munthu. Sitidikira kuti mumwe madziwo, timaboola khungu la amene waima, akusamba, akuchapa kapena akuwedza. Tikakhwima m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo timayamba kuikira mazira, ndipo mazirawo ndi amene amabweretsa magazi m'mikodzo, kupweteka pokodza ndi kuchepa kwa magazi. Popanda nkhono, ulendo wonsewu umaduka.

Kale anthu ankakhulupirira kuti magombe a mchenga a nyanja ya Malawi, komwe kulibe bango ndi udzu, kulibe likodzo. Nkhono yodziwika bwino yofalitsa matendawa, Bulinus globosus, imakonda m'mabango, m'madambo ndi m'timitsinje toyenda pang'onopang'ono. Koma ku Cape Maclear matendawa anachuluka kwambiri, pakati pa ana a m'mudzi wa Chembe komanso alendo. Akatswiri awiri, Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, pamodzi ndi anzawo, anatsatira nkhaniyi kwa zaka zambiri. Anapeza kuti nkhono ina, Bulinus nyassanus, yomwe imakhala pamchenga weniweni pansi pa nyanja, nayonso ikufalitsa likodzo. Anaonanso kuti nsomba zodya nkhono, makamaka mtundu wotchedwa Trematocranus placodon womwe uli ndi mano olimba kukhosi ophwanyira zigoba, zinachepa kwambiri m'madzi osaya poyerekeza ndi m'zaka za m'ma 1980. Pomwe nsombazi zinali zochepa, nkhono zinali zambiri, ndipo ana odwala analinso ambiri.

Sikuti kusodza ndi chifukwa chokhacho. Anthu anachuluka m'mbali mwa nyanja, zimbudzi n'zosakwanira, ndipo dothi lokokoloka kumtunda limasintha pansi pa nyanja. Koma phunziro lake ndi lomveka: makoka okokedwa pagombe pomwe, makamaka a maso ang'onoang'ono, amachotsa nsomba zomwe zinkatigwirira ntchito ya zaumoyo mwaulere. Volontiya amene akulimbikitsa anthu kumwa mankhwala a likodzo ndi wa komiti ya pagombe amene akuletsa khoka m'malo oswanirana nsomba akugwira ntchito imodzi, ngakhale kuti nthawi zambiri sakhala pa msonkhano umodzi.

Chimodzimodzi nkhani ya neti. Inu a zaumoyo mukudziwa bwino komwe maneti ena omwe munagawa amathera: kumadimba, kumakola a nkhuku ndi kunyanja. Kusodza ndi neti ya udzudzu n'koletsedwa. Neti imodzi ikalowa m'madzi, banja lataya katatu. Mwana agona osadziteteza ku malungo, tinsomba tosakhwima tatha, ndipo mankhwala ophera udzudzu omwe ali mu netiyo ndi poizoni kwa nsomba ndi tizamoyo tina ta m'madzi. Kukalipira mayi amene wachita izi sikuthandiza kwenikweni, chifukwa nthawi zambiri chamukankha ndi njala. Komabe ambiri sanamvepo za kulumikizana kwa netiyo, nkhono ndi magazi omwe mwana wawo akukodza. Katupe ndi mankhwala a m'munda othira m'madziwe n'zoletsedwanso, ndipo apa ngozi yake ndi yachindunji: madzi omwewo anthu akumunsi akumwa, ndipo nsomba zophedwa ndi mankhwala a mbewu siziyenera kulowa mumphika.

Kanthu kena kakang'ono ndi mtovu. Ku England analetsa timiyala tambiri ta mtovu tolemeretsa chingwe mu 1987 ataona kuti mbalame za m'madzi zikufa zikatimeza. Mtovu umaononga ubongo wa mwana ngakhale utakhala wochepa, ndipo kuonongekako sikubwerera. Mukaona ana akuluma mtovu ndi mano kuti ugwire chingwe, kapena akuphwanya batire lakale la galimoto n'kumasungunula zam'kati mwake pamoto, aletseni pomwepo. Kamwala kapena kanati kachitsulo kamagwira ntchito yomweyo.

Madzi enieniwo

Bungwe la World Health Organization likuti anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi mu 2021 pa dziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosakwana zaka zisanu. Kuyambira 2021, tsiku la 25 Julaye ndi lokumbukira kapewedwe ka ngozi zimenezi. Mwana akamamira sakuwa ngati m'mafilimu. Amalowa pansi mwakachetechete, ndipo mphindi zochepa zimakwana. N'chifukwa chake lamulo la ku Bavaria lija, loti mwana asawedze popanda wamkulu, ndi lomwe ndingakonde kuti titengere lisanafike n'komwe ku Nyumba ya Malamulo. Wamkulu wake akhale wamkulu ndithu. Mtsikana wa zaka 9 wobereka mng'ono wake kumsana si woyang'anira.

Ana amene amapita kumadzi adziwe kuti mnzawo akagwa, osadumphira. Ambiri amafa awiri chifukwa womira amakakamira womupulumutsa. Amugwiritse nsungwi yomwe akuwedzera ija, amuponyere chingwe kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, iwo atagona chafufumimba pamtunda, kwinaku akukuwa kuitana anthu. Akavuulidwa ndipo sakupuma, chofunika msanga ndi kumuuzira mpweya m'kamwa ndi kupsinja pachifuwa. Kumuzondotsa kapena kumuponda pamimba kuti madzi atuluke kumangotaya nthawi ndipo kumachititsa kuti masanzi alowe m'mapapo. Ngakhale atatsitsimuka n'kumalankhula, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Amene amadwala khunyu asayandikire madzi ali yekha. Za ng'ona, mvuu, mitsinje yosefukira m'dzinja ndi mphepo ya mwera m'miyezi yozizira, akuluakulu a pagombe amazidziwa kuposa buku lililonse, bola wina awapatse mpata woziphunzitsa.

Mbedza ikalowa m'chala mpaka kandevu kake kabisika, musaikoke chobwerera chifukwa imang'amba mnofu. Dulani chingwe, tsukani ndi sopo ndi madzi aukhondo, ndipo pitani kuchipatala komwe akaichotse n'kuonanso ngati katemera wa kafumbata alipo. Ikakhala pafupi ndi diso, musaikhudze n'komwe.

Zonsezi sizifuna maola 30. Zikhoza kukambidwa pa sikelo, pa msonkhano wa amfumu kapena pa tsiku lomwe komiti ya pagombe ikulengeza za kutseka kwa nyanja. Ndipo mukamayendera mabanja, onjezani funso limodzi pa omwe mumafunsa kale: kodi m'nyumba muno muli mwana amene amawedza kapena kusambira, ndipo mikodzo yake ikuoneka bwanji? M'madera ena magazi m'mikodzo ya mnyamata amatengedwa ngati chizindikiro cha kukula. Si kukula, ndi likodzo. Kwa atsikana ndi amayi matendawa amatha kubisala ngati kuyabwa, zilonda kumaliseche, kutaya magazi pogonana kapena kupweteka m'chinena, moti ena amaganiziridwa matenda opatsirana pogonana omwe alibe. Pokafotokoza kuchipatala, anene kuti amalowa m'nyanja kapena mumtsinje.

Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe amaperekedwa molingana ndi msinkhu kapena kulemera kwa munthu. Mwana adye kaye asanamwe, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire ndi nseru, ndipo izi ndi zomwe zimapangitsa makolo ena kubisa ana tsiku logawa mankhwala kusukulu. Mankhwalawa amapha tizilombo tomwe tili m'thupi panthawiyo, sateteza ku tomwe tikalowe Loweruka likubwerali. Choncho mwana amene anamwa chaka chatha koma akupitabe kumadzi ndi kansungwi kake ayenera kumwanso ulendo wotsatira wogawa ukafika.